Fungo la Nsomba mu Poto Watsopano

Anyamata ena akafuna kusangalatsa bwenzi amagula mafuta onunkhira, ena foni, ena nsapato zosakwana. Collins anabweretsa poto. Anatsika naye minibasi pa Wusakile, dera la ku Kitwe, Lamulungu masana, katoni ili paphewa ngati munthu wotsatsa malonda, n'kukaima kumpanda kwa a Nelia, poti m'nyumba ya apongozi sulowamo chisawawa mwambo usanachitike.

Mwambowo unali utatsala masabata awiri. Unali chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amaphika ndiwo zamitundumitundu n'kukazitula kwa mwamuna, kumuonetsa moto umene azidyapo kuyambira tsikulo. Kwa a Nelia mwambo wa Chibembawu sunali wawo. Iwo anali a mpingo wa Chipresibiteriani, agogo awo anachokera ku Malawi kudzalemba m'maofesi a mgodi. Koma mayi ake a mnyamatayo, amene dera lonse la Kwacha limawatcha bana Collins, ananenetsa kuti popanda chilanga mulilo palibe ukwati, ndipo nyemba aphike mtsikana yekha ndi manja ake. Mayiwa ndi omwe aja sanabwere tsiku lotomera, ati mwendo, n'kungotumiza amalume a Collins.

Tsono pogona nkhani panali pa nyembapo. Nelia anakulira kusukulu yogonera konko, ndipo nyemba zinkamukana. Zikapanda kupserera, zinkatuluka zolimba zoti ungaponyere mbalame.

"Ndi chiyani ichi?" anafunsa akuyang'ana katoni.

"Mpulumutsi wako," anatero Collins. "Poto wamagetsi, wophika ndi nthunzi. Uthira nyemba, uthira madzi, utseka, udina batani. Maminitsi 35, zapsa. Amayi sadzadziwa n'komwe."

"Watsopano?"

"Wachoka m'sitolo ku Ndola dzulo lomweli."

Katoniyo inali yomata kawiri, selotepi yatsopano pamwamba pa yakale. Nelia anaiona, koma mtima wokondwa sufunsa za selotepi. Collins anatenga foni yake n'kumulowetsa m'gulu la pa WhatsApp limene amayi a mapoto otere amagawana maphikidwe. Nelia anayang'ana dzina la mwini gulu, nkhope yake n'kuuma pang'ono.

"Charlotte uti?"

"Yemwe uja, mnzake wa mlongo wanga. Amagulitsa ziwiya ku Ndola, ndiye amadziwa zimenezi."

"Yemwe amayi ako samatha chiganizo osamutchula?"

"Nelia, ndinakuuza kale. Mtsikana ameneyo sanandiphikireko ngakhale tiyi."

Anaika dzanja pachifuwa ponena zimenezi, ndipo Nelia anamukhulupirira.

*

Amene sanakhulupirire kanthu anali azakhali ake, a Maud, mlongo wa bambo ake, amene anapatsidwa udindo womulangiza. Anamuzungulira poto uja patebulo, manja ali kumbuyo.

"Ndiye mwamuna wakugulira poto usanalowe m'nyumba mwake?" anatero. "Akuti chiyani pamenepa? Kuti kuno kwa a Chirwa tilibe miphika?"

"Akungondithandiza, azakhali."

"Mkazi wophika ndi batani! Ife tinkaphika nyemba kuyambira m'mawa mpaka amuna kuweruka kumgodi, ndipo palibe anatithawa."

Uthenga woyamba m'gulu lija unkati wongoyamba kumene aziwiritsa kaye madzi okha, kuti aphunzire mmene poto amatsekera ndi mmene amatulutsira nthunzi. Nelia anatero. Anathira makapu awiri, anaonetsetsa kuti mphira wozungulira m'kati mwa chivundikiro wakhala bwino, anatseka. Nthawi itakwana anakankha kotulutsira nthunzi ndi chala. Mayo! Poto analira ngati sitima, azakhali anapezeka ali pakhonde patapata mmodzi atatsala m'khitchini.

Nthunzi itatha, m'nyumba monse munali fungo la nsomba zouma.

"Waphika madzi kapena buka buka?" anafuula a Maud ali panja.

"Mwina ndi mmene amanunkhira akachoka kufakitale," anayankha Nelia.

Sabata yonseyo anaphunzira. Ankaphika m'mawa magetsi asanazime, foni ili pambali. Nyemba zoyamba anadzaza mpaka pakamwa, thovu linatulukira pa kabowo ka nthunzi n'kupenta khoma. M'gulu anamuuza kuti nyemba sizipyola theka la poto. Zachiwiri anafuna kutsegula msanga, chivundikiro chinakana, ndipo anaphunzira kuti umadikira kachitsulo kapamwamba kagwe kokha. Anadziwa kuti nkhuku ya kumudzi imafuna theka la ola, mapazi a ng'ombe ola lathunthu, ndipo nsinjiro umathira pomaliza utatsegula, apo ayi zimapserera pansi. Maphikidwe ambiri anali olembedwa ndi Charlotte, omveka bwino, osasiya kanthu. Zinkamupweteka Nelia kuti mtsikanayo ankadziwadi kuphika.

Nyemba zachitatu a Maud analawa, anatafuna nthawi yaitali, kenako anati, "Mchere." N'kutapanso zina.

*

Lachitatu la sabata yomaliza, Tionge, msuweni wake, mwana wa a Maud, anamukoka kupita m'tauni ya Kitwe.

"Ndikufuna kukugulira mphatso, koma sindidziwa kuti munthu wa poto wotere amamugulira chiyani," anatero. "Usankhe wekha. Zodzidzimutsana zija zinatha, munthu umangolandira mabeseni asanu ofanana."

Analowa m'kasitolo ka ziwiya ka amayi ena odziwika kuti a Mainess, munthu woti ukamufunsa funso limodzi akuyankha khumi.

"Wongoyamba kumene? Awe, musavutike," anatero a Mainess akutsitsa katundu. "Choyamba chipande cha mtengo, chifukwa supuni yachitsulo imakanda m'kati. Chachiwiri kadengu aka, kophikira masamba ndi mbatata pa nthunzi. Chivundikiro chagalasi ichi n'chapamene mukungotenthetsa ndiwo. Kope lolembamo maminitsi, chifukwa nyemba za ku Solwezi ndi za ku Mbala sizipsa mofanana, ndipo foni imatha moto. Koma mukandifunsa ine, mphatso yeniyeni ndi iyi."

Anatulutsa mphira wozungulira, woyera, ali m'pepala lake.

"Ali naye kale," anatero Tionge.

"Amafunika awiri, mwana wanga. Mphira ameneyu amamwa fungo. Mukaphikira nsomba kamodzi kokha, basi, mutsuke ndi sopo, ndi mandimu, mumuyanike padzuwa, nsomba sichoka. Ndiye wina wa nsomba ndi nyama, wina wa mpunga ndi nyemba."

Nelia anamutenga n'kumununkhiza. Sankamveka kanthu.

"Nanga watsopano akachoka kufakitale, samveka nsomba?"

"Nsomba? Kufakitale amaphika nsomba?" A Mainess anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ngati wanu anamveka nsomba tsiku loyamba, ndiye kuti wina anadya kale mu poto ameneyo, mukwai. Anakugulitsani wogwiritsidwa ntchito. Munagula kuti?"

"Inali mphatso," anatero Nelia.

A Mainess anatseka pakamwa, mwina koyamba tsiku limenelo. Tionge analipira mphirayo ndi kope, osayang'ana msuweni wake.

*

Mu minibasi yobwerera ku Wusakile, Nelia anatsegula gulu lija n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pa zithunzi. Anadutsa nkhuku za anthu, mipunga yopserera, makeke ophwanyika pakati. Anafika chaka chatha, mwezi wa Ogasiti. Panali chithunzi cha buka buka wouma wothira tomato, ali mu poto. Pansi pake Charlotte analemba kuti maminitsi 20, ndipo munthu wake wanyambita mbale.

Anakulitsa chithunzicho ndi zala. Pa chogwirira cha kumanzere panali kachipsera ngati ka mwezi wongooneka kumene, pamene pulasitiki inakhudza mbaula. Kachipsera kameneko Nelia ankakagwira m'mawa uliwonse, akuganiza kuti ndi zochitika ponyamula katundu.

"Mwina mapoto amafanana," anatero Tionge, amene ankasuzumira paphewa.

"Mapoto amafanana. Zipsera sizifanana."

Sanalire. Mtima unamuwawa kwambiri, koma chimene chinamukwiyitsa koposa chinali kukumbukira kuti wakhala masiku khumi akuthokoza Charlotte m'gulu, ndi tizithunzi ta manja opemphera.

*

Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe, Collins anafikanso kumpanda, atavala malaya opita nawo ku ofesi, akumwetulira ngati munthu amene mawa adya ndiwo makumi awiri.

"Ba Collins," anatero Nelia, "poto uja munagula sitolo iti?"

Collins anamva ulemuwo ndipo anadziwa kuti zinthu sizili bwino. "Ku Ndola. Ndinakuuza. Bwanji, wawonongeka?"

"Akuphika bwino. Ndikufunsa sitolo."

"Dzina ndaiwala. Pafupi ndi msika paja."

"Anabwera akununkha nsomba."

"Aa, mwina anali wachionetsero. Amayesera makasitomala kuti aone."

"Amayesera ndi buka buka?"

Collins anaseka, kuseka kwa munthu woponda paminga atavala sokosi. Anamugwira dzanja pamwamba pa mpanda. "Nelia, mawa ndi tsiku lathu. Amayi akufuna chifukwa chilichonse choti akukane, ndiye iwe ukufuna kuwapatsa chifukwacho ndi manja ako? Phika nyemba, zidutse. Zina tidzakamba."

"Ndikufunsanso kamodzi. Charlotte anakuphikiranipo?"

"Ngakhale tiyi," anatero Collins, koma ulendo uno dzanja silinapite pachifuwa.

Nelia anangogwedeza mutu n'kubwerera m'nyumba. Akanangonena zoona pamenepo, akanamukalipira, akanalira, mawa lake n'kuphika nyemba nkhani n'kutha. Koma amuna ena bodza amalisunga ngati chiphaso.

*

Loweruka kunja kusanatenthe, pabwalo la a Chirwa panali mbaula zisanu ndi zitatu ndi amayi a mpingo odzaza khonde. Nkhuku, chikanda, chibwabwa chotendera, nsomba, mbatata, bowa wouma, zonse zinali pamoto. Nelia anadzitsekera m'khitchini. Anachotsa mphira wakale, anaika watsopano wa Tionge, anathira nyemba mpaka theka. Magetsi anamuchitira chifundo. Nyemba zinatuluka zofewa, msuzi wake wogwirana, zosamveka nsomba ngakhale pang'ono.

Amayi atayamba kumanga mbale m'zitenje, Nelia anaitana azakhali ake kuchipinda. Anawapatsa kambale kakang'ono kovundikira.

"Iyinso ipite. Muitsegule pomaliza."

"Muli chiyani?"

"Ndiwo ya Collins yekha."

"Iwe, wofotokoza mbale iliyonse kumeneko ndine. Sindinganyamule chinthu chimene sindinachione."

A Maud anavundukula. M'katimo munali mphira wakale uja, wachikasu, atapindidwa pawiri. Anamununkhiza, anayang'ana Nelia, ndipo Nelia anawaonetsa chithunzi pafoni n'kuwauza zonse m'mawu ochepa. Ankadikira kuti amukalipire, amuuze kuti mkazi amapirira, kuti anthu aphika kuyambira mbandakucha.

"Unamufunsa?"

"Kawiri."

"Anakana?"

"Kawiri konse."

"Ukudziwa kuti mbale iyi ikatsegulidwa pagulu, ukwati ukhoza kuthera pomwepo?"

"Ndikudziwa, azakhali. Ndimamukonda. Koma tikupita kukamuonetsa moto wathu, ndiye naye atiuze moto umene wakhala akudyapo."

A Maud anavundikiranso kambaleko. Kenako anamasula chitenje chawo chapamwamba, cha chigwirizano cha amayi a mpingo, anamangamo kambaleko mfundo ziwiri.

"Iyi ndisenza ndekha," anatero.

*

Pa chilanga mulilo mkwatibwi sapita nawo. Amatsala kunyumba, kudikira kuti ena adzamuuze mmene zayendera. Mwambowo anaupanga kale kulibe mafoni. Basi imene anabwereka itafika ku Kwacha cha m'ma 2 koloko masana, Tionge anaimbira Nelia n'kulowetsa foni m'chikwama chotsegula.

Nelia anakhala pabedi, foni ili pakhutu. Anamva ng'oma, nthungululu, nyimbo za Chibemba zopempha kuti chipata chitsegulidwe. Anamva mbale zikutsitsidwa, madzi akuthiridwa posambitsa Collins m'manja, mawu a azakhali ake akutchula ndiwo imodziimodzi m'Chibemba chawo chopindika. Nkhuku inadutsa. Chikanda chinadutsa.

"Izi ndi nyemba," anatero a Maud. "Waphika mwana wathu yekha."

Kenako supuni inagunda mbale.

"Zapsa," anamveka mawu a bana Collins, ouma ngati akuvomera mlandu. Amayi a ku Wusakile analulutira mpaka foni inachita phokoso lokhalokha. Nelia anatseka maso. Mayeso amene ankawaopa miyezi yonseyi anali atakhoza, ndipo akanatha kudula foni n'kuimbiranso Tionge kuti auze azakhali abweze kambale kaja. Anayang'ana foni. Sanachite kanthu.

"Yatsala imodzi," anatero a Maud. "Iyi atsegule mkamwini yekha."

Mfundo zinamasulidwa. Chivundikiro chinalira. Wina anaseka, n'kusiya msanga.

"Mkamwini, ife kwathu sitidziwa ndiwo iyi. Inabwera ndi poto amene munapatsa mwana wathu, mukuti watsopano. Tanunkhizani, mutiuze anaphika ndani."

Nelia anadikira mawu a Collins. Anamva kutsokomola kwake, anamva mpando ukukwekwerezedwa, anamva akuti, "Amayi, nkhani iyi..." Koma amene anayankha si iyeyo.

"Awe, musamuvutitse mwana, ndiyankha ine," anatero bana Collins, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anamveka okondwa. "Poto ameneyo ndinagula ndine. Ndinagulira Charlotte chaka chatha, sabata imene tinakapereka insalamu kwao ku Ndola."

Nelia anakulira pa Copperbelt, dera la migodi lomweli, sanafunike womumasulira. Insalamu ndi ndalama zoikidwa m'mbale ziwiri zovundikirana zimene banja la mnyamata limatumiza potomera mtsikana. Zikalandiridwa, mtsikanayo ali ndi mwini, ndipo mnyamata alibe ufulu wogogoda pakhomo lina mpaka zitabwezedwa.

"Anakangana pang'ono, monga ana," anapitiriza mayiwo. "Mtsikana anabweza poto chifukwa cha mkwiyo. Koma insalamu makolo ake sanabweze mpaka lero. Ine sindinabwere kwanu tsiku lija, munkati ndi mwendo? Ndinkadikira kuti wina afunse."

Phokoso linabuka. Amayi a mpingo ankalankhula onse pamodzi, amalume a Collins ankati tiyeni tikhale pansi, Collins ankaitana dzina la Nelia ngati ali pomwepo. Pamwamba pa onse panamveka a Maud akulamula kuti mbale zonse zimangidwenso, palibe wodya.

Kenako mawu a Tionge anafika pafupi, akunong'ona.

"Nelia, uli pomwepo? Ali pano. Charlotte. Wakhala kumbuyo kwa bana Collins chifikireni, ndimayesa ndi wachibale. Avala chitenje chofanana."

Foni inaduka.

Nelia anadzuka n'kupita kukhitchini, poti miyendo inafuna kopita. Poto anali patebulo, kanyali kake kakuyakabe, akusunga kutentha nyemba zimene anapatula kuti adzadye ndi azakhali akabwerako ndi nkhani yabwino. Foni inanjenjemera m'dzanja. Collins ankaimba. Anaisiya ilire mpaka inatopa. Itangosiya, unalowa uthenga wochokera ku nambala imene ankaidziwa ya m'gulu lija.

"Nyemba zapsa bwino, ndalawa. Wakhoza. Kungoti mchere wachepa, Collins amakonda wambiri. Mphira wanga ndatenga. Poto ndituma munthu Lolemba."

Anauwerenga kawiri. Kenako anazula chingwe pakhoma, anakhuthulira nyemba m'mphika wakale wa amayi ake, n'kuchotsa mphira wa Tionge m'chivundikiro, poti ameneyo yekha ndiye anali wake.